Kuyeza Matope a M'madzi ndi Kuwala

Mvula ikagwa kumapiri kuno ku Ntcheu, madzi a m'mitsinje ndi m'zitsime amakhala mbuu. Chimawadetsa ndi tinthu ting'onoting'ono: dothi, zinyalala zoola ndi tizilombo. Tinthu timeneti munthu sangatiwerenge kamodzikamodzi. Nanga akatswiri a zamadzi amadziwa bwanji kuchuluka kwake? Amagwiritsa ntchito kuwala.

Nzeru imeneyi inu mukuidziwa kale. Dzuwa likalowa m'nyumba pa kabowo ka denga, mumaona fumbi likuyandama m'kuwalako. Mayi akayamba kusesa, fumbi limachuluka, ndipo mzere wa kuwala uja umaoneka kwambiri. M'madzi zimachitikanso chimodzimodzi. Kuwala kukagunda kadothi, kumamwazikira m'mbali.

Ku labotale amathira madzi m'kabotolo kagalasi ndi kukaika m'makina. M'makinamo muli kanyali kowalitsa madziwo, ndiponso kadiso koona kuwala. Kadisoko kamakhala chapambali, osati moyang'anana ndi nyali. Madzi akakhala oyera, kuwala kumangodutsa, kadiso sikaona zambiri. Akakhala a matope, kuwala kochuluka kumamwazikira kukadisoko. Kenaka makina amaonetsa nambala. Muyeso wake umatchedwa NTU. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapitirire 5 NTU, ndipo ndi bwino atakhala osafika pa 1.

Kumudzi, kopanda makina, pali chubu chachitali choonekera, chokhala ndi chizindikiro chakuda pansi pake. Woyeza amathira madzi pang'onopang'ono akusuzumira pamwamba. Chizindikiro chikabisika msanga, ndiye kuti matope ngambiri.

Kodi amavutikiranji chonchi? Tizilombo ta kolera ndi ta matenda ena otsegula m'mimba timabisala m'matope. Mukathira klorini m'madzi ovunduka, mphamvu yake imathera pa zinyalala, tizilombo n'kupulumuka. Kumbukirani kuti kolera wa mu 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno.

Matopewo amachokera kumtunda. Tikadula mitengo m'nkhalango ya Mvai, dothi limakokolokera ku damu la Mpira, limene lidamangidwa kuti lipereke madzi a m'mipope ku Ntcheu ndi ku Balaka. Matope akachuluka, ntchito yoyeretsa madzi imakula.

Yesani nokha madzulo ano. Thirani madzi a pamjigo m'botolo loyera, a kumtsinje m'botolo lina. Muunike ndi tochi chapambali mumdima. Botolo lonyezimira kwambiri m'kati ndilo lili ndi matope ambiri.

Madzi otere muwasiye adikhe, muwasefe ndi nsalu yoyera, kenaka muthire klorini ndi kudikira mphindi 30 musanamwe. Koma chenjerani! Madzi oyera mbee nawonso akhoza kukhala ndi tizilombo. Nawo muwathire klorini, kapena muwawiritse.

Mafunso

1. Kodi kuwala kumatani kukagunda dothi m'madzi?
2. N'chifukwa chiyani tiyenera kusefa madzi tisanathire klorini?