KHUNGU LA MWANA LICHOKERA KUTI?
Gawo Lachiŵiri: Mlandu wa Sandra Laing

M'chaka cha 1955, m'tauni ya Piet Retief ku South Africa, banja la Azungu, Abraham ndi Sannie Laing, linabala mwana wamkazi wakhungu lakuda ndi tsitsi lopotana. Anamutcha Sandra. M'chaka cha 1966 apolisi anam'chotsa pasukulu ya Azungu, ndipo boma la tsankho linamulemba kuti ndi mkaladi. Anansi anayamba kunong'ona kuti mayi wake anayenda njira yachigololo, ngakhale kuti kuyeza magazi sikunatsutse kuti Abraham ndiye bambo wake.

Kodi zinatheka bwanji? Mtundu wa khungu umachokera ku utoto wa m'thupi wotchedwa melanin, umene umatchinjiriza munthu ku dzuŵa. Wakhungu lakuda ali nawo wambiri, wakhungu loyera ali nawo wochepa. Muyeso wake umalamulidwa ndi timbewu tachibadwa totchedwa majini, timene mwana amalandira theka kwa bambo, theka kwa mayi. Timbewu ta khungu si kamodzi ayi, n'tambiri, ndipo pamimba iliyonse timasakanikirana mwatsopano. N'chifukwa chake ana a bere limodzi amasiyana, wina woyererako, wina wakuda bii. Tina timayenda mwakachetechete kwa mibadwo ingapo, n'kudzaonekera pamene takumana mwa mwana mmodzi. Pakati pa makolo akale a Azungu ambiri a ku South Africa panali Aafirika ndi akapolo ochokera ku Asia, ndipo zikuoneka kuti choloŵa chaocho n'chimene chinatulukira mwa Sandra.

Lamulo litasintha mu 1967, anamulembanso kuti ndi Mzungu, koma Azungu sanamulandire. Atakula pang'ono anathaŵira ku Swaziland ndi Petrus Zwane, mwamuna wakuda, ndipo bambo wake anamukana mpaka kumwalira. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Komatu apa tsankho linathyola fupalo.

Manong'onong'o otere amagweranso mayi wa ku Malaŵi wobala mwana wachialubino. Koma mwanayo amabadwa choncho pokhapokha bambo ndi mayi onse aŵiri atam'patsa kambewu kofooketsa melanin, ndipo kwa makolo otere mwayi wake ndi umodzi mwa inayi pamimba iliyonse. Mwamuna woloza mkazi wake chala aziyamba wadziŵa kuti theka la kambewuko ndi lake.