Zimene dokotala amafufuza akamapima mtima wa mwana

Mwana wa zaka 12 akafika kuchipatala akudandaula kuti akumabanika akangothamanga pang'ono, dokotala amayamba ndi mafunso, kenako amagwiritsa ntchito maso, manja ndi makutu ake. M'zipatala zambiri zakumidzi m'chigawo chino cha Africa, kupima kotereku ndi kumene kumagamula ngati mwanayo atumizidwe kuchipatala chachikulu kapena abwerere kwawo.

Mafunsowo amachuluka chifukwa mawu oti mtima pa Chichewa amasenza zambiri. Wodwala akati "mtima ukundipweteka" akhoza kutanthauza kutentha kwa pamtima atadya, nkhawa, ngakhalenso chisoni cha maliro. Motero dokotala amafunsitsa ngati mwanayo amatha kugona chagada osabanika, ngati amadzidzimuka usiku akusowa mpweya, komanso ngati anadwalapo zilonda zapakhosi kenako n'kutupa mawondo kapena akakolo, ululu ukusamukasamuka.

Funso lomalizali ndi lalikulu. Mabakiteriya otchedwa streptococcus a gulu A amayambitsa zilonda zapakhosi, makamaka mwa ana a zaka 5 mpaka 15. Mwa ana ena, pakapita masabata awiri kapena atatu, chitetezo cha m'thupi chimene chinadzuka kuti chilimbane ndi mabakiteriyawo chimayamba kuwononga mfundo za mafupa ndi mavavu a mtima, omwe ndi tizitseko toletsa magazi kubwerera kumene achokera. Mfundo zimachira, koma mavavu amatsala ndi zipsera, ndipo zipserazo zimakula nthawi iliyonse imene matendawa abwereza. Madokotala amawatchula matendawa kuti rheumatic heart disease.

Akatha mafunso, dokotala amagwira mtsempha wa pamkono kuti awerenge kugunda kwa mtima ndi kumva ngati ukugunda mwadongosolo. Munthu wamkulu amene wapuma mtima wake umagunda maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi, pamene wa mwana wamng'ono umafulumirirapo. Amayang'ana m'zikope ndi m'manja ngati mwayera, chizindikiro cha kuchepa kwa magazi. Amamugoneka wodwalayo motsamira n'kuyang'ana mitsempha ya m'khosi: ikakhala yofufuma mpaka m'mwamba, ndiye kuti magazi akuunjikana chifukwa mtima ukulephera kuwapopa. Amadina chala pamwendo, ndipo kadzenje kakatsalira amadziwa kuti m'thupi mwadzaza madzi. Amaikanso dzanja pachifuwa kufunafuna pamene nsonga ya mtima ikugunda, pomwe kawirikawiri pamakhala chakumanzere, pakati pa nthiti yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi. Mtima ukakula, kugundako kumasunthira chakukhwapa.

Kenako amatenga chipangizo chomvera m'chifuwa chotchedwa stethoscope, chimene dokotala wa ku France, René Laennec, anatulukira mu 1816 ku Paris atayamba wamvera wodwala ndi pepala lopindidwa ngati chitoliro. Mtima wabwino umamveka kawiri pa kugunda kulikonse, ndipo phokosolo ndi la mavavu akamatsekeka. Vavu ikakhala kuti sikutseka bwino kapena yaphinjika, magazi amadutsa movutikira ndipo pamamveka kaphokoso kofwenthera.

Khutu lili ndi malire ake. Mwana amene watentha thupi kapena wachepa magazi chifukwa cha malungo akhoza kumveka kaphokoso kameneka mtima wake uli bwinobwino. Choopsa kwambiri n'chakuti vavu imene yangoyamba kuwonongeka nthawi zambiri simveka n'komwe.

Umboni wa zimenezi unachokera ku Mozambique. Mu 2007, magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachitika pakati pa ana asukulu oposa 2,000 ku Maputo, ndi enanso ku Cambodia. Ku Maputo, kumvera m'chifuwa kunapeza matendawa mwa ana awiri kapena atatu pa ana 1,000 alionse. Makina a echo, amene amaonetsa mavavu akugwira ntchito monga momwe sikani imaonetsera mwana m'mimba, anapeza ana 30 pa 1,000 alionse. Ana ochuluka chotere akanadutsa m'manja mwa dokotala wodziwa bwino ntchito yake n'kuuzidwa kuti alibe vuto. Atsikana ambiri otere matendawa amadzaonekera atatenga pathupi, pamene magazi amachuluka m'thupi ndipo vavu yophinjika imalephera kuwadutsitsa.

Kwa zaka zingapo akatswiri ankatsutsana ngati kupeza matenda obisikawa kuli ndi phindu, popeza mwa ana ena mavavu amabwerera mwakale okha. Kafukufuku wa ku Uganda amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021 anayankha mbali ina ya funsoli. Ana pafupifupi 400 opezeka ndi matenda obisikawa ankabayidwa jakisoni wa penisilini masabata anayi alionse kwa zaka ziwiri, ndipo ena pafupifupi 400 sanabayidwe. Matenda anakula mwa ana atatu okha a gulu loyamba, poyerekeza ndi ana 33 a gulu lachiwiri.

Izi sizikuchotsa ntchito ya manja ndi makutu, chifukwa makina a echo ndi anthu odziwa kuwagwiritsa ntchito akadali ochepa kunja kwa mizinda. Komabe, m'maganizo mwathu, mwana amene anatupapo mfundo atadwala pakhosi ayenera kutumizidwa kukaunikidwa ndi makinawa ngakhale m'chifuwa mwake musamveke chachilendo. Mu 2018, msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unavomereza chigamulo cholimbikitsa mayiko kulimbana ndi matendawa, kuyambira pa zilonda zapakhosi zomwezo. Zilondazo zikakhala za streptococcus, zimachizika ndi jakisoni mmodzi wa penisilini kapena mapiritsi omwa masiku 10.