Sitima ya m'nthawi ya nkhondo ikunyamulabe anthu ku Baltimore

Mwa sitima zapamadzi 2,710 za mtundu wa Liberty zomwe dziko la America lidapanga pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ziwiri zokha ndi zomwe zikuyendabe ndi injini zake: SS John W. Brown ya mumzinda wa Baltimore ndi SS Jeremiah O'Brien ya ku San Francisco. Pa masiku osankhidwa, sitimazi zimanyamula anthu ogula matikiti paulendo wa tsiku limodzi. Ulendowu ndi wosangalatsa, komanso ndi njira imodzi yopezera ndalama zoti sitimazi zisathere m'dzimbiri.

Sitima za Liberty zidali zonyamula katundu. Kumayambiriro kwa nkhondoyo, sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinkamiza sitima zopita ku Britain mofulumira kuposa momwe zatsopano zinkapangidwira. Pofuna kuthana ndi vutoli, dziko la America lidasankha mtundu umodzi wa sitima wosavuta kupanga, ndipo m'malo ambiri opangira sitima zitsulo ankaziwotcherera mmalo mozikhomera ndi misomali. Yoyamba, Patrick Henry, idalowa m'madzi mu September 1941. Ntchito idafika pothamanga kwambiri moti mu November 1942 sitima ya Robert E. Peary idalowetsedwa m'madzi pasanathe masiku asanu chiyambireni kuipanga.

Sitima iliyonse idali yotalika pafupifupi mamita 135, kuposa bwalo la mpira, ndipo inkanyamula katundu wolemera matani pafupifupi 10,000: akasinja, magalimoto, zipolopolo ndi chakudya. Liwiro lake lidali lochepa, makilomita 20 okha pa ola, choncho adani sankavutika kuilondola.

John W. Brown idapangidwa ku Baltimore komweko ndipo idalowa m'madzi pa 7 September 1942. Idapatsidwa dzina la mtsogoleri wina wa bungwe la anthu apantchito. Ulendo wake woyamba udali wa ku Persian Gulf, komwe idakatsitsa zida zopita ku Soviet Union. Pambuyo pake idakonzedwa kuti izinyamulanso asilikali, ndipo mu August 1944 idali nawo pomwe asilikali a maiko ogwirizana ankalowa kummwera kwa France. Yonse pamodzi idayenda maulendo 13.

Chomwe chidaipulumutsa ndi sukulu. Kuyambira 1946 mpaka 1982 idakocheza ku New York, komwe achinyamata ankaphunziramo ntchito zapasitima, pomwe zinzake zambiri zinkaphwanyidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Bungwe la anthu ongodzipereka la Project Liberty Ship lidaibweretsanso ku Baltimore mu 1988, ndipo atailimbikira kwa zaka zitatu, idayambanso kuyenda mu 1991.

Ulendo wa tsiku limodzi umatenga maola asanu ndi limodzi. Sitima imanyamuka padoko la Baltimore, kutsika mtsinje wa Patapsco mpaka kukalowa m'nyanja ya Chesapeake Bay. Okonza ulendowu amayesetsa kuti wokwera amve ngati ali m'zaka za m'ma 1940. Oimba amaimba nyimbo za nthawiyo, ena amavala yunifolomu za asilikali akale, ndipo pamakhala wina wosewera ngati Pulezidenti Franklin Roosevelt. Nyengo ikakhala yabwino, ndege zakale zimauluka chapafupi ngati zikufuna kuphulitsa sitimayo, mfuti zapasitima n'kumalira koma popanda zipolopolo.

Komabe phata la ulendowu lili pansi, m'chipinda cha injini. Kumeneko mafuta amayatsidwa kuti awiritse madzi m'mabwela awiri, ndipo nthunzi yake imadutsa m'masilinda atatu motsatizana. Imayamba ndi laling'ono ili ndi mphamvu zambiri, kenaka lapakati, n'kumalizira lalikulu, mwakuti nthunzi imodzimodziyo imagwira ntchito katatu isanaziziritsidwe kuti isandukenso madzi. Zitsulo zikuluzikulu zimakwera ndi kutsika poyera, ndipo wothira oyilo amazikhudza ndi dzanja zikuyenda kuti amve ngati zatentha mopitirira muyezo. Injiniyi idali yachikale ngakhale mu 1942, koma adaisankha chifukwa mafakitale ambiri akadatha kuipanga ndipo amalinyero ankaidziwa kale. Injini ya Jeremiah O'Brien, yomwe ndi yamtundu womwewu, ndiyo idajambulidwa pokonza filimu ya Titanic ya mu 1997.

Paulendowu pamakhalanso mwambo wokumbukira omwe adafera panyanja. Sitima za Liberty zinkayendetsedwa ndi anthu wamba olembedwa ntchito, mothandizidwa ndi kagulu ka asilikali apamadzi koyang'anira mfuti. Pafupifupi 200 mwa sitimazi zidamizidwa ndi adani, ndipo amalinyero zikwizikwi a sitima zamalonda za America sadabwerere kwawo. Ngakhale zidali choncho, boma lidadikira mpaka 1988 kuti liwazindikire kuti nawonso adamenya nawo nkhondo.

Kusunga sitima yoyenda n'kovuta kuposa kusunga yongoima padoko. Madzi amchere amadya chitsulo usana ndi usiku. Kuti iloledwe kunyamula anthu, sitima imayenera kuunikidwa ndi nthambi ya Coast Guard, ndipo pakapita zaka zingapo imatulutsidwa m'madzi kuti pansi pake pakonzedwe, ntchito yomwe imadya ndalama zankhaninkhani. Zipangizo zambiri za injini sizipezekanso m'masitolo. Ndalama zimachokera ku matikiti ndi kwa anthu akufuna kwabwino, pomwe ogwira ntchito salandira malipiro.

Vuto lalikulu ndi la anthu. Ambiri mwa omwe adatsitsimutsa John W. Brown adali amalinyero a nthawi ya nkhondo, ndipo mbadwo umenewo watsala pang'ono kutha. Luso loyendetsa injini ya nthunzi limaphunziridwa poyima pambali pa munthu wolidziwa, injini ikuyenda. N'chifukwa chake ulendo uliwonse umakhalanso sukulu kwa ongodzipereka atsopano. Tsiku lomwe sipadzapezeka wodziwa kuyatsa mabwelawo, sitimayi idzangokhala yoonera padoko, monga momwe ilili inzake ya Hellas Liberty ku Piraeus m'dziko la Greece.