Cimene cimatsekereza azimai akuda pa udindo wa pulofesa ku Britain

Lipoti limene linatuluka m'caka ca 2019 linaonetsa kuti m'mayunivesiti a dziko la Britain munali azimai akuda 25 cabe pa udindo wa pulofesa. Pa mapulofesa 100 alionse, 68 anali amuna acizungu.

Lipotili linalembedwa ndi a Nicola Rollock, mothandizidwa ndi bungwe loimira aphunzitsi a m'mayunivesiti la University and College Union. A Rollock anakambirana ndi azimai 20 mwa azimai 25 amenewo.

Malinga ndi azimaiwa, vuto lalikulu lili pa njira yokwezera anthu pa nchito. M'mayunivesiti ena, munthu sangapemphe udindo wa pulofesa popanda cilolezo ca mkulu wa cigawo cake, motero munthu mmodzi akhoza kuimitsa mnzace kwa zaka zambiri. Akakanidwa, kawirikawiri sanali kuuzidwa momveka cimene cinasoweka, koma anali kuona azungu a ciziwitso cocepa akuwapitirira.

Anachulanso za kunyozedwa ndi kusalidwa pamisonkhano. Tsankho lotere ndi lovuta kulipezera umboni, cifukwa palibe amene amanena poyera kuti nkhani ndi ya khungu. Ena anati nkhanzazi zinacokeranso kwa azimai acizungu, amene anali kuyembekezera kuti adzawathandiza.

Ngakhale m'maphunziro a mbiri yakale, mzimai wakuda woyamba kukhala pulofesa m'dzikolo anapatsidwa udindowu m'caka ca 2018. Iwo ndi a Olivette Otele, obadwira ku Cameroon, amene anakwezedwa pa yunivesiti ya Bath Spa.