FUMBI LA ASIBESITOSI: CENJEZO KWA AMISIRI OKONZA MASUKULU AKALE

Masukulu ambiri amene anamangidwa dziko lino litangolandira ufulu mu 1964 anafoleredwa ndi malata a asibesitosi. Lero madenga amenewa akalamba, ndipo akalipentala, omanga nyumba, okonza mipope ndi a zamagetsi ndiwo amaitanidwa kukawakonza. Ambiri a iwo sadziwa kuti nchito imeneyi ingawadwalitse.

Kodi asibesitosi n'ciani? Ndi mwala wokumbidwa pansi, wokhala ndi tiulusi tating'ono kwambiri. Kuno kum'mwera kwa Africa unali kukumbidwa ku Zvishavane ndi ku Mashava m'dziko la Zimbabwe, ndiponso ku South Africa. Popeza sugwira moto ndipo sucita dzimbiri, anali kuusakaniza ndi simenti popanga malata, matabwa a siling'i ndi mipope ya madzi. Pasukulu ungapezekenso m'matailosi akale a pansi ndi kumbuyo kwa mabokosi akale a magetsi.

Lata likakhala lathunthu, losakhudzidwa, ngozi imakhala yocepa. Bvuto limayamba mmisiri akalidula ndi sowo kapena galainda, akaliboola, akalipala ndere, kapena akaliponya pansi n'kusweka. Pamenepo tiulusi timauluka mumpweya. Sitioneka ndi maso, sitinunkha, ndipo munthu akatipuma timakhazikika m'mapapo kwa moyo wake wonse.

MATENDA AKE

Oyamba ndi asbestosis: mapapo amacita zipsera ndi kuuma, munthu nayamba befu ngakhale poyenda pang'ono. Aciwiri ndi khansa ya m'mapapo. Acitatu ndi mesothelioma, khansa ya kacikopa kokuta mapapo, imene kawirikawiri siicira. Wosuta fodya amene amapumanso fumbili ali pangozi yaikulu koposa ya khansa ya m'mapapo.

Coipa ca matendawa n'cakuti amabisala. Pangapite zaka 20, 30 kapena 40 munthu asanamve kanthu. Mnyamata wogwetsa denga lero angadzadwale ali ndi adzukulu. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2024 kuti anthu oposa 200,000 amafa caka ciri conse cifukwa copuma fumbili panchito. Ndiye cifukwa cake dziko la Britain linaletseratu asibesitosi mu 1999, ndipo South Africa inatero mu 2008.

ZOYENERA KUCITA

1. Musanayambe nchito funsani a hedimasitala za caka cimene nyumbayo inamangidwa. Ngati mukukayika, yesani kuti ndi asibesitosi.

2. Nyowetsani lata ndi madzi, masulani mabauti, ndi kulitsitsa lathunthu. Musalidule ndi makina.

3. Musaponde padenga popanda thabwa. Malata akalewa amaboka mwadzidzidzi.

4. Bvalani cophimba kumphuno ca mtundu wa FFP3 kapena P3. Mpango ndi kansalu wamba sizitseka tiulusi timeneti.

5. Musasese pouma. Pukutani ndi nsanza yonyowa, ndi kuika zinyalala m'matumba a pulasitiki olimba, omanga bwino.

6. Musapite kunyumba ndi ovolosi ya fumbi. Amai ambiri m'maiko ena anadwala cifukwa cokutumula ndi kucapa zobvala za amuna ao.

Aphunzitsi ndi makolo a m'komiti ya sukulu aonetsetse kuti nchito yotere icitika pa holide, ana kulibe. Zidutswa za malata zisagawidwe kwa anthu kuti akamangire khola la nkhuku kapena kukazingirapo nsawawa, ndipo ana asaseweretse. Funsani a khonsolo kapena a bungwe la ZEMA za malo oyenera kutayako.

Ngati munagwirapo nchito yotere ndipo tsopano muli ndi befu, cifuwa cosatha, kupweteka m'nthiti kapena kuonda, pitani kucipatala msanga. Zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za TB, motero uzani adotolo nchito imene munali kugwira ndi zaka zake, kuti akuunikeni m'cifuwa. Ku Kitwe kuli bungwe la Occupational Health and Safety Institute limene limapima matenda a m'mapapo obwera ndi nchito, ndipo a Workers' Compensation Fund Control Board ndiwo amaona za cipukuta misozi.

Amisiri, denga limagulidwa lina, koma mapapo alibe sitolo. Dzitetezeni.