Kugwiritsa Ntchito Makina a AI Polemba ndi Kukonzanso Zikalata Zoomba Mkota pa Kalembedwe ka Chichewa/Cinyanja

1.0 Mawu oyamba

Gawo lino la lipoti likufotokoza m'mene makomiti a kalembedwe, maunduna a zamaphunziro ndi makampani osindikiza mabuku angagwiritsire ntchito mapulogalamu a pa kompyuta odziwika ndi dzina loti AI polemba zikalata zoomba mkota, komanso pozikonzanso nthawi ndi nthawi kuti zisatsalire m'mbuyo. Chikalata choomba mkota ndi nkhani yaifupi imene imasonkhanitsa pamodzi zimene malamulo a kalembedwe a mayiko osiyanasiyana akunena pa mfundo imodzi, n'kuonetsa pamene akugwirizana ndi pamene akusiyana. Mkonzi wa buku la Sitandade 3 ku Blantyre kapena la Giredi 3 ku Lusaka alibe nthawi yowerenga malipoti onse a misonkhano, choncho amadalira chikalata chotere. Cholakwika chikalowamo chimafika m'mabuku ambirimbiri, ndipo buku la sukulu likasindikizidwa limakhala m'manja mwa ana kwa zaka zingapo.

Mfundo yaikulu ya gawoli ndi yakuti makinawa ndi othandiza pa ntchito yosanja ndi kuyerekeza zikalata, koma akasiyidwa okha amatsatira kalembedwe kamene anakaona kawirikawiri, pomwe mgwirizano wa kalembedwe umachokera pa zimene nthumwi za mayiko zavomerezana.

2.0 Magwero a malamulo

Chiyankhulo chathu chili ndi malamulo ochokera m'malo angapo ndiponso m'nyengo zosiyana. Ku Malawi chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, pamene dzina loti Chinyanja linasinthidwa kukhala Chichewa. Bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies, pansi pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Ku Zambia Unduna wa Zamaphunziro unavomereza mu 1977 kalembedwe ka ziyankhulo zisanu ndi ziwiri, chimodzi mwa izo chili Cinyanja. Ku Mozambique akatswiri a NELIMO, a pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane, anatsogolera misonkhano yokonza kalembedwe ka ziyankhulo za m'dzikomo mu 1988, ndipo ina inatsatira mu 1999 ndi mu 2008. Ku Zimbabwe malamulo oyendetsera dziko a 2013 anaika Chewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma.

Pamwamba pa izi pali ntchito yodutsa malire. Mu 2001 bungwe la CASAS, lomwe Pulofesa Kwesi Kwaa Prah anakhazikitsa ku Cape Town, linatulutsa kalembedwe kogwirizanitsa ziyankhulo za ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Nalo bungwe la ACALAN, la pansi pa African Union, linaika Cinyanja/Chichewa pa gulu la ziyankhulo zolumikiza mayiko. Zikalata zonsezi zili ndi mphamvu zosiyana: zina ndi lamulo la unduna, zina ndi malingaliro a akatswiri chabe. Zambiri zinalembedwa m'Chingerezi, zina m'Chipwitikizi. Kuziombera mkota ndi ntchito yaikulu, ndipo n'chifukwa chake thandizo la makina likukopa anthu.

3.0 M'mene makinawa amagwirira ntchito

Mapulogalamu monga ChatGPT, amene anatuluka mu Novembala 2022, komanso Gemini ndi Claude, anaphunzitsidwa powerengetsedwa zolemba zankhaninkhani. Akamalemba, amasankha kachidutswa ka mawu kotsatira poyang'ana zimene zimakonda kutsatana m'zolemba zimene anaphunzirapo. Pa zolembazo, za m'Chichewa ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi za m'Chingerezi. Kuonjezera apo, pa mndandanda wa ziyankhulo wa bungwe la ISO, Chichewa ndi Cinyanja zili ndi chizindikiro chimodzi, chomwe ndi ny kapena nya, kotero kuti zolemba za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, zakale ndi zatsopano, zimathiridwa m'nkhokwe imodzi.

Pali njira ziwiri zowagwiritsira ntchito. Yoyamba ndi kufunsa makinawo kuti alembe zimene akudziwa okha. Yachiwiri ndi kuwapatsa zikalata zenizeni n'kuwalamula kuti alembe zochokera m'zikalatazo zokha, uku akutchula tsamba pamene mfundo iliyonse yachokera. Njira yachiwiriyi ndiyo yokha yoyenera ntchito ya komiti ya kalembedwe.

4.0 Zovuta zofunika kuzisamala

4.1 Kutsatira unyinji

Mbali yaikulu ya zolemba za chiyankhulochi zopezeka pa intaneti ili m'kalembedwe ka ku Malawi. Motero makina amakonda kukokera zitsanzo zonse kumeneko, ngakhale atauzidwa kuti asasinthe kanthu. Madzi saiwala khwawa. Taonani chitsanzo ichi. Ku Malawi timalemba tchimo ndi machimo, pamene ku Zambia amalemba chimo ndi macimo. Malembo akuti ch alipo m'kalembedwe konse kuwiri, koma akuimira maliwu osiyana: ku Zambia akuimira liwu lotuluka ndi mpweya wamphamvu, limene ku Malawi limalembedwa tch, ndipo ku Malawi akuimira liwu lopanda mpweyawo, limene ku Zambia limalembedwa c. Makina akasintha macimo kukhala machimo n'kusiya chimo m'mene lilili, chikalatacho chimaonetsa kalembedwe kosakanizika kamene dziko lililonse silinavomereze. Chimodzimodzi ntchito ndi nchito, mawu ndi mau, ndiponso lembo la ŵ limene makina angalifufute mwakachetechete. M'nkhani wamba izi zingaoneke zazing'ono, koma m'chikalata cha kalembedwe chitsanzocho ndicho umboni wonse.

4.2 Kusokoneza dziko ndi nyengo

Kalembedwe ka liwu sikasonyeza nthawi zonse dziko limene liwulo lachokera. Buku Lopatulika lakale linagwiritsa ntchito c pamene lero ku Malawi timalemba ch, ndipo lakhala likuwerengedwa mbali zonse za malire. Buku Loyera la 1998 limalemba ŵ, pamene nyuzipepala zambiri za ku Malawi sizilemba lemboli. Makina amene sanauzidwe chaka ndi mwini wa chikalata chilichonse angathe kutcha kalembedwe kakale ka ku Malawi kuti ndi ka ku Zambia, kapena kutenga chizolowezi cha wosindikiza mmodzi ngati lamulo la dziko.

4.3 Mfundo zotha ntchito ndi zopeka

Chikalata choomba mkota chimakalamba msanga chifukwa mfundo za boma zimasintha. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro ku Malawi unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo chawo, koma lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Ku Zambia, mu 2014, ana a Giredi 1 mpaka 4 anayamba kuphunzira m'ziyankhulo za m'madera awo, ndipo ndondomeko ya maphunziro ya 2023 inabwezeranso Chingerezi patsogolo. Makina amadziwa zokhazo zimene zinalembedwa asanamalize kuphunzitsidwa, ndipo angafotokoze mfundo ya 1996 ngati kuti ikugwirabe ntchito. Choopsa china n'chakuti akasowa yankho amatha kupeka nambala ya lamulo, dzina la msonkhano kapena chaka, n'kuzilemba m'chiganizo chomveka bwino chimene wowerenga sangachikayikire.

5.0 Ndondomeko yoyenera kutsatira

Poganizira zovutazi, ntchito yolemba ndi kukonzanso chikalata choomba mkota iyende motere:

(a) Komiti ikhale ndi nkhokwe imodzi ya zikalata zovomerezeka. Chikalata chilichonse chilembedwe dziko, chaka, bungwe lochitulutsa ndi mphamvu yake, kaya ndi lamulo, malingaliro, kapena lamulo limene linalowedwa m'malo ndi lina.

(b) Zikalata zakale zojambulidwa pa makina ziwerengedwe ndi munthu zisanalowe m'nkhokwe, pakuti mapulogalamu owerenga zithunzi amaphonya ŵ ndi kachizindikiro ka mu ng'.

(c) Chikalata choomba mkota chilichonse chikhale cha mfundo imodzi, monga c ndi ch, l ndi r, kapena kulumikiza ndi kulekanitsa aperekezi ku, pa ndi mu.

(d) Zitsanzo za mawu zisungidwe pa mndandanda wapadera umene makina saloledwa kuusintha. Makina alembe zofotokozera zokha.

(e) Chikalata chatsopano chikafika, makina asalembenso nkhani yonse. Aonetse ndime zokhazo zimene zakhudzidwa, mawu akale ndi atsopano ali pambali ndi pambali, pamodzi ndi tsamba lochitira umboni. Kulembanso nkhani yonse nthawi iliyonse kumasintha pang'onopang'ono ndime zimene komiti inagwirizana kale.

(f) Pamene mayiko akusiyana, chikalata chinene poyera kuti akusiyana. Makina asasankhe mbali.

(g) Kusintha kulikonse kuvomerezedwe ndi nthumwi imodzi ya dziko lililonse lokhudzidwa, ndipo tsiku lovomereza lilembedwe pamwamba pa chikalata. Makope akale asungidwe.

6.0 Ntchito zimene makina amapepuza

Akagwiritsidwa ntchito motere, makinawa amapulumutsa nthawi yambiri. Amatha kuyerekeza malamulo a 1980 ndi a 1990 ndime ndi ndime, kupereka kumasulira koyamba kwa lipoti la m'Chipwitikizi kuti nthumwi za ku Lilongwe ndi ku Chipata zilimve, kufufuza m'buku lonse malo amene liwu limodzi lalembedwa m'njira ziwiri, ndiponso kukumbutsa mlembi wa komiti za zikalata zimene papita nthawi zisanaunikidwe. Zonsezi ndi ntchito zimene munthu angathe kuzitsimikiza poyang'ana pa tsamba.

7.0 Malingaliro kwa maunduna ndi osindikiza mabuku

Maunduna akupemphedwa kuika malamulo awo a kalembedwe pa intaneti m'malembo otheka kukopera, popeza ambiri mwa malamulowa akupezeka m'timabuku takale tokha tosungidwa m'malaibulale. Kutero kudzathandiza akonzi a mabuku lero, komanso kudzachititsa kuti makina a m'tsogolo aphunzire kalembedwe ka ku Tete, Niassa ndi chigawo cha kum'mawa kwa Zambia mofanana ndi ka ku Malawi. Akupemphedwanso kusankha wogwira ntchito mmodzi woti azidziwitsa komiti za kusintha kulikonse kwa mfundo za ziyankhulo.

Makampani osindikiza mabuku aonetsetse tsiku limene chikalata choomba mkota chinavomerezedwa asanayambe kukonza buku, ndipo alembe m'bukumo kalembedwe kamene atsatira. Asaike m'mapulogalamuwa zolemba za alembi kapena mayeso osatuluka asanamvetse m'mene kampani yopanga pulogalamuyo imasungira zimene yalandira.

8.0 Mawu omaliza

Ntchito yogwirizanitsa kalembedwe yatenga zaka zambiri chifukwa lembo lililonse lili ndi mbiri, mabuku ndi aphunzitsi amene analizolowera. Makina a AI angafulumizitse kusanja zikalata, ndipo komiti ikulimbikitsidwa kuyamba ndi mfundo imodzi, ya c ndi ch, kuti ione m'mene ndondomeko ya m'gawo 5.0 ikuyendera isanapite ku mfundo zina. Udindo wogamula kuti mwana wa ku Dedza, wa ku Katete ndi wa ku Angónia azilemba bwanji liwu limodzi ukhalebe m'manja mwa nthumwi za mayiko awo.