Kachingwe kakaduka, dimba limapsa ku Mambwe

Mwezi wa Okutobala m'chigwa cha Luangwa kutentha kumapitirira madigiri 40, moti mchenga wa mumtsinje wa Lupande supondeka popanda nsapato. Apa ndi pamene mlimi wa dimba ku Jumbe kapena ku Masumba amakhulupirira kapampu ka petulo kuti tomato ndi repu zisafote. Komatu injini yonseyo imamvera kachingwe koilizira kosakwana mamita awiri. Kakangoduka, madzi amatsala m'chitsime mbewu zikupsa.

Chaka cha 2024 zingwezi zinaona zakuda. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti wa Zambia Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi anachepa ku damu la Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri patsiku, ndipo majenereta a m'mashopu ndi m'malo ometera tsitsi ku Mfuwe ankakokedwa m'mawa ndi madzulo.

Pa injini ya Honda GX160, ndi zinzake za ku China zotengera yomweyo, chivundikiro cha chingwe chimagwidwa ndi mabawuti atatu okha. Mukachichotsa mupeza gudumu lapulasitiki lokulungapo chingwe, timano timene timatuluka kukakola kambale ka pa flywheel, ndi sipuling'i yopyapyala yopiringizika ngati nkhata. Sipuling'iyi ndiye mwini nkhani. Ngati chingwe chokha ndicho chaduka, musaigwire n'komwe. Ikafwanthuka imatha kucheka zala kapena kulasa diso, ndipo kuibwezera m'malo mwake kumadya masana onse.

Chotsani chidutswa chakale, muzungulitse gudumu mbali imene limalowera mukamakoka mpaka lilimbe, kenako mulibweze pang'ono kuti bowo lake liyang'anane ndi bowo la chivundikiro. Ligwireni ndi chala chachikulu. Nsonga ya chingwe chatsopano cha nayiloni muiwambe ndi machesi kuti isamasuke, muilowetse, mumange mfundo, mbali inayo mumange ku chogwirira, ndiye musiye gudumu likoke chingwe pang'onopang'ono. Chingwe chomangira mbuzi kapena choyanikira zovala n'chongotayitsa nthawi: chonenepa chimakakamira, chofewa sichitha sabata.

Ena amapaka girisi wambiri poganiza kuti akuchitira injini chifundo. M'fumbi la kuchigwa girisiyo amasanduka phala, timano n'kumata, munthu n'kumakoka chingwe chopanda kanthu. Kupukuta ndi kansalu n'kudonthezera mafuta pang'ono n'kokwanira.

Koma tinene zoona, nthawi zambiri chingwe chimafera mlandu wa ena. Injini yabwino imalira ikakokedwa kamodzi kapena kawiri. Ikafuna kukokedwa kakhumi, vuto lili ku pulagi yakuda, ku fyuluta yotsekeka ndi fumbi, kapena ku petulo wogona m'chigubu wosakanikirana ndi madzi. Mwini wake, mtima uli m'mwamba, amakoka mopsa mtima ndiponso mopendeka, chingwe n'kumakhuzika pa bowo mpaka kuduka. Kukoka kwabwino n'kuyamba pang'onopang'ono mpaka mumve injini ikukana, kenako kamodzi mwamphamvu, ndipo chogwirira muchiperekeze pobwerera, osachiponya.

Sipuling'i ikathyoka kunsonga, makanika wodziwa amaiwotcha pamoto kuti ifewe n'kupindanso ngowe yatsopano. Ikathyokera pakati palibenso chochita, pamafunika sipuling'i yatsopano kapena chivundikiro chathunthu, ndipo zikasowa ku Mfuwe ulendo wake ndi wa ku Chipata, mtunda wopitirira makilomita 100, tomato akudikira padzuwa.